Sardis: mzinda umene unagwa kawiri chifukwa chosaika mlonda

Kumadzulo kwa dziko la Turkey, pafupi ndi mudzi wa Sart m'chigawo cha Manisa, kuli mabwinja a mzinda wa Sardis. Akatswiri a ku mayunivesite a Harvard ndi Cornell akhala akufukula malowo kuyambira mu 1958. Ambirife timaudziwa mzindawu chifukwa cha kalata yaifupi ya pa Chivumbulutso 3:1-6, imodzi mwa makalata asanu ndi awiri opita ku mipingo, amene Yohane analemba ali pachilumba cha Patmos. Kalatayi imalasa mtima kwambiri munthu akadziwa zimene zinauonekera mzindawo.

Sardis linali likulu la ufumu wa Lydia, dziko la mwanaalirenji. Mumtsinje wa Pactolus ankapezamo golide, ndipo anthu a ku Lydia ali m'gulu la oyamba kusula ndalama zachitsulo. Mfumu yawo Croesus inatchuka ndi chuma. Linga lake linali pamwamba pa phiri la maphompho, moti mbali ina sankaikako n'komwe mlonda poganiza kuti palibe munthu angakwereko.

Cha m'ma 546 BC, Cyrus wa ku Persia, amene Baibulo limamutchula kuti Koresi, anazinga mzindawo. Herodotus, wolemba mbiri, akusimba kuti msilikali wina wa ku Sardis anagwetsa chisoti chake chachitsulo kuphompho, n'kutsetsereka kukachitola, n'kukweranso. Mmodzi wa adani, Hyroeades, anali kuona zonsezo. Tsiku lotsatira iye anakwera podzera pomwepo, anzake namutsatira, ndipo mzinda unagwa patangotha masiku 14 chiuzingireni.

Munthu akanayembekeza kuti zidzukulu za anthu a ku Sardis zitengapo phunziro. Koma cha m'ma 214 BC, pamene Antiochus III anazinga Sardis kwa nthawi yoposa chaka, msilikali wake Lagoras wa ku Crete anaona miimba itatera phee pakhoma lina, pamwamba pa phompho limene ankatayako mitembo. Anadziwa kuti mbalame sizingakhazikike chotero pamalo pamene pali alonda. Anakonza makwerero usiku, kutacha anakwera, mzinda unalandidwanso. Ndipo mu AD 17 chivomerezi chinaugumula usiku, mpaka Kaisara Tiberius anaukhululukira msonkho kwa zaka zisanu.

Anthu a mbiri yotere ndi amene Yesu akuwauza kuti adzuke, apo ayi adzawafikira monga mbala pa ola limene sakulidziwa. Sanafunikire wowamasulirira.

Chimene chimandiopsa m'kalatayi ndi zimene mulibe. Mpingo wa ku Smyrna unkazunzidwa. Wa ku Pergamum ndi wa ku Thyatira unalowedwa ndi ziphunzitso zonama. Za Sardis sitikumva chizunzo kapena mphunzitsi wonyenga. Unali mpingo wa mbiri yabwino, wodziwika kuti ndi wamoyo, koma Ambuye anaupeza wakufa, ntchito zake zosakwanira pamaso pa Mulungu. Mdani analibe chifukwa cholimbana nawo.

Mankhwala amene kalatayo ikupereka ndi osavuta kumva: akumbukire zimene analandira ndi kuzimva, azisunge, alape. Apa ndi pamene kukhala maso ndi kumvera zikukumana. Ife tikamva za kukhala maso timafulumira kuganiza za mapemphero a usiku wonse, kusala kudya ndi kudzudzula ziwanda. Zonsezo zili ndi malo ake, ndipo sindikuzipeputsa. Koma munthu angathe kuchezera usiku wonse m'tchalitchi, m'mawa n'kukalandira chiphuphu kuntchito, kapena kupitiriza kusayankhulana ndi m'bale wake amene Mulungu anamuuza kalekale kuti amukhululukire. Wotereyo wachezera, koma khoma lake lilibe mlonda. Kukhala maso ndi kuchita lero chimene Mawu akuuza lero, usanayambe kuchizolowera chikumbumtima chokutsutsa. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Taonaninso kuti Sardis sanagwere pachipata, pamene aliyense ankadziwa kuti pali ngozi. Anagwera mbali imene ankaidalira. Petro nayenso ankadalira kulimba mtima kwake, ndipo analonjeza kuti ngakhale ena onse atathawa, iye adzafa pamodzi ndi Ambuye. Ku Getsemane atauzidwa kuti achezere ndi kupemphera, anagona. Usiku womwewo anakana Yesu katatu, kuyambira pamaso pa mtsikana wantchito. Mkulu wa mpingo amene wasunga thumba la chopereka zaka zambiri osasowetsa ngakhale tambala, mayi wa chigwirizano amene banja lake anthu amaliyamikira, mnyamata wa kwaya amene sanalawepo mowa: onsewa ali ndi mbali imene anasiya kuipempherera chifukwa amati kumeneko n'kotetezeka.

Kalatayo ili ndi chitonthozo chake. Ku Sardis komweko kunali anthu owerengeka amene sanadetse zovala zawo, ndipo analonjezedwa kudzayenda ndi Ambuye atavala zoyera. Enawo anauzidwa kuti alimbitse zotsala zimene zinali pafupi kufa, kutanthauza kuti mpata unalipobe. M'zaka za m'ma 100 AD mzindawo unali ndi bishopu wodziwika, Melito, amene ulaliki wake wa Pasaka ukuwerengedwabe.

Abale ndi alongo, sabata ino werengani mavesi asanu ndi limodzi amenewa pa pemphero lanu la m'mawa. Mukatero mutchule pamaso pa Mulungu chinthu chimodzi chimene anakuuzani kale koma simunachichite, ndipo mukachichite dzuwa lisanalowe.