Kodi Mumadziwa? Za Ofufuza Oyima Paokha ndi Ziphaso Zawo

M'mafilimu timawaona atabisala m'galimoto usiku wonse, kamera ili pamwendo, akudikira kuti chitseko cha nyumba inayake chitseguke. Amenewa si apolisi. Amalembedwa ganyu ndi maloya, makampani a inshuwalansi ngakhalenso anthu apabanja amene akukayikirana. Munthu wodyera zinsinsi za anzake chonchi amafunika womuyang'anira, ndipo mbiri ya ntchitoyi ikuchitira umboni.

Kodi mumadziwa kuti amene anatsegula ofesi yoyamba yodziwika ya ntchitoyi anali mkaidi wakale? Eugène François Vidocq wa ku France anamangidwapo kangapo, ndipo ankathawa m'ndende. Kenako anayamba kutsina khutu apolisi, mpaka anadzakhala mkulu wa gulu lofufuza milandu mumzinda wa Paris. Mu 1833 anatsegula ofesi yakeyake, ndipo ambiri mwa anyamata amene anawalemba ntchito anali akaidi akale ngati iye mwini.

Kodi mumadziwa kuti Allan Pinkerton, wofufuza wotchuka wa ku America, poyamba anali mmisiri wokhoma migolo yamatabwa? Anabadwira ku Glasgow mu 1819 ndipo anasamukira ku America mu 1842. Tsiku lina akusaka mitengo yopangira migolo pa kachilumba ka mumtsinje wa Fox, ku Illinois, anapeza malo pamene panasonkhedwa moto, chonsecho pachilumbapo sipankakhala munthu. Sanangodutsa. Anabwererako mwakachetechete mpaka anatulukira kuti ndi pobisalira anthu opanga ndalama zachinyengo. Cha m'ma 1850 anatsegula kampani yake ku Chicago, ndipo chizindikiro chake chinali diso lotseguka.

Kodi mumadziwa kuti mu 1856 kampaniyi inalemba mayi wamasiye, Kate Warne, kukhala wofufuza? Iye anauza Pinkerton kuti mzimayi amalowa ndi kumva zinthu m'malo amene mwamuna sangafikemo. Mu 1861 mayiyu anali m'gulu limene linadutsitsa Abraham Lincoln mobisa usiku pa sitima mumzinda wa Baltimore, atamva za chiwembu chofuna kumupha asanalumbiritsidwe kukhala pulezidenti.

Kodi mumadziwa kuti kampani yomweyi inadzakhetsa magazi a anthu apantchito? Pa 6 Julayi 1892, amuna 300 a Pinkerton, mfuti zili m'manja, anafika pa mabwato ku Homestead, pafupi ndi Pittsburgh, kumene ogwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Carnegie ankalimbana ndi mabwana awo pa nkhani ya malipiro. Kunabuka nkhondo ya tsiku lonse ndipo anthu pafupifupi 10 anafa. Chaka chotsatira, mu 1893, aphungu anakhazikitsa lamulo loletsa boma la America kulemba ntchito anthu a Pinkerton kapena a makampani ofanana nayo.

Kodi mumadziwa kuti ku California nthawi zambiri sungalandire laisensi ya ntchitoyi usanagwire ntchito yofufuza kwa maola 6,000? Zimenezi ndi zaka zitatu zathunthu, maola 2,000 chaka chilichonse. Ukakwanitsa, amatenga zidindo za zala zako n'kuzitumiza ku FBI kuti aone ngati unapalamulapo, kenako umalemba mayeso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kumayambira pofunsira chiphaso pomwe.

Kodi mumadziwa kuti m'dziko limodzi lomwelo malamulo ndi osiyana? Ku New York wofunsira laisensi ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 25, akhoze mayeso, ndiponso aike chikole cha madola 10,000 choti chidzapepesere anthu amene angawalakwire. Koma ku Mississippi, Idaho, South Dakota ndi Wyoming boma la chigawo silipereka n'komwe laisensi ya ntchitoyi.

Kodi mumadziwa kuti ku Britain aliyense angathe kudzuka m'mawa n'kudzitcha wofufuza woyima payekha? Lamulo la mu 2001 loyang'anira makampani achitetezo linatsegula njira yoti ofufuzawa azikhala ndi laisensi. Mu 2013 Theresa May, ali nduna yoona za m'dziko, analengeza kuti zimenezi ziyamba chaka chotsatira, koma 2014 inafika n'kudutsa popanda chochitika. Kumeneko mlonda wa pakhomo la malo omwera mowa amafunika laisensi, pamene munthu wofukula moyo wa mnzake sakakamizidwa kukhala nayo.

Kodi mumadziwa kuti wofufuza mmodzi anathandizira kugwetsa nyuzipepala ya zaka 168? Glenn Mulcaire, amene ankagwirira ntchito News of the World, analamulidwa mu 2007 kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chomvetsera mobisa mauthenga a pafoni a ogwira ntchito ku banja lachifumu. Mu Julayi 2011 zinaululika kuti foni ya mtsikana wa zaka 13 amene anasowa n'kupezeka ataphedwa nayonso inamvetseredwa. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo nyuzipepalayo inatsekedwa mwezi womwewo.

Kodi mumadziwa kuti ku South Africa ofufuza amalembetsa ku bungwe limodzi ndi alonda? Bungweli ndi PSIRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2001. Wolembetsa ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 18, achite maphunziro ovomerezeka, apereke zidindo za zala, komanso akhale nzika kapena munthu wololedwa kukhazikika m'dzikomo. Abale athu amene ali ku Joni aidziwe bwino mfundo yomalizayi asanataye ndalama zawo pa maphunziro.

Kodi mumadziwa kuti laisensi simusandutsa munthu kukhala wapolisi? Ngakhale akhale nayo m'thumba, wofufuza saloledwa kuthyola nyumba, kumvetsera foni ya munthu mobisa kapena kudzitcha wa boma. Anthony Pellicano, amene ankafufuzira akatswiri a mafilimu ku Hollywood, anapatsidwa zaka 15 m'ndende mu 2008 pa milandu yokhudza kumvetsera mafoni a anthu.

Choncho mukadzafuna kulemba wofufuza, muyambe ndi inu kumufufuza. Aonetse chiphaso, anene bungwe limene linamupatsa, ndipo afotokoze njira zimene adzatsate popeza zimene mukufunazo. Mukumusungitsa mbiri yanu pamodzi ndi ya munthu wina amene palibepo kuti adziyankhire. Safunsa anadya phula.