Dziko Lopeka ndi Mfundo za Ulamuliro Wankhanza

Dziko lopeka ndi malo ochitikira nkhani amene mlembi wangowapanga m'maganizo mwake. Nthawi zambiri dzikoli limakhala ndi mtsogoleri mmodzi wotchedwa mpulumutsi wa fuko, komanso mfundo zimene nzika iliyonse imayenera kuloweza. Mwachitsanzo, m'buku la Chinua Achebe la Anthills of the Savannah (1987), nkhani ikuchitikira ku Kangan, kumene mtsogoleri wa asilikali akufuna kulamulira moyo wake wonse.

Chitsanzo cha kwathu kuno

Kuti timvetse nkhani zotere, tiyeni tikumbuke mbiri ya Malawi. Chipani cha MCP, motsogozedwa ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, chinali ndi nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawuwa ndi abwino, koma dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, tanthauzo lake linasintha. Umodzi unasanduka kuletsa zipani zina, ndipo kumvera kunasanduka kusafunsa mafunso. Mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya. Funsani agogo anu ku Manje, ku Zingwangwa kapena ku Ndirande: akuuzani za achinyamata a chipani amene ankabweza munthu wopanda khadi pamsika kapena pokwerera basi. Ulamuliro wa chipani chimodziwu anthu anaukana pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Chifukwa chake alembi amapeka dziko

Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la mu 1968 linkalola boma kuletsa buku lililonse. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Tsono dzina lopeka, monganso nyama za m'nthano, limabisa mlembi pomwe owerenga akulizindikira dziko lawo.

Poyankha mayeso

Musangotchula mfundo za dziko lopekalo ayi. Onetsani kusiyana kwa zimene mfundozo zikunena ndi zimene ampangankhani akuchita. Dzifunseni: Ndani akupindula ndi mfundoyi? Ndani akulangidwa nayo? Kenaka perekani umboni wochokera m'nkhanimo. Kumbukiraninso kuti mlembi sakunyoza kukonda dziko. Akudzudzula atsogoleri oika dzina lawo pamalo pa dziko.

Ntchito

1. Tchulani nsanamira zinayi za chipani cha MCP.
2. Fotokozani zifukwa ziwiri zimene mlembi angapekere dziko.
3. Sankhani nkhani imene mwawerenga, ndipo onetsani momwe mawu abwino agwiritsidwira ntchito popondereza anthu.