Zimene dimba langa landiphunzitsa pa manyowa ndi feteleza

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulima mpiru, repu ndi tomato m'dimba langa m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila kuno ku Mulanje, ndipo ndinkadalira feteleza wogula yekhayekha. Ndikathira Urea, pakatha sabata masamba ankabiriwira mosiririka. M'posadabwitsa, chifukwa 46 peresenti ya feteleza ameneyu ndi nayitrojeni, mchere umene umakulitsa masamba.

Koma chaka ndi chaka nthaka inkalimba. Ndikathirira m'mawa, pofika masana yauma gwa. Mlangizi wa zaulimi ndiye adandimasulira: mvula yochuluka ya kuno imatsuka michere, n'kusiya nthaka ya asidi wambiri. Tiyi amakonda nthaka yotere, koma ndiwo zamasamba ayi, ndipo kuthira Urea chaka chilichonse kumaonjezera asidiyo.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola nthaka yapamwamba m'dimbamo n'kusiya mchenga. Mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo thumba la feteleza lidandikanika kugula. Apa mpamene ndidaganiza zoyesa.

Chilimwe chotsatira ndidagawa mabedi a mpiru patatu. Gawo loyamba ndidathira feteleza yekha, lachiwiri manyowa a kompositi okha, lachitatu manyowa a Mbeya. Amenewa ndidapanga posakaniza ndowe za mbuzi zouma, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga zolimba m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21.

Mpiru wa feteleza udakula msanga, koma unkafota ndikangojomba kuthirira tsiku limodzi. Wa kompositi udayamba mozengereza, masamba ali ang'onoang'ono, komabe bedi lake linkasunga chinyezi ndipo ndidayamba kuonamo nyongolotsi. Wa Mbeya sudachedwe kukula, ndipo ndidauthyola nthawi yaitali kuposa wa feteleza yekha.

Manyowa nawo ali ndi zovuta zake, tisanamizane. Amafunika ambiri, kututa n'kolemetsa, ndipo pano minda ndi yaing'ono, ziweto n'zochepa. Ndowe zosaola zimawotcha mbande, zimabweretsa udzu, komanso si zaukhondo pa masamba amene tikudya. Michere yake imatuluka pang'onopang'ono, choncho wothamangira msika wa mawa angakhumudwe. Phindu lake n'lakuti amafewetsa nthaka ndi kuthandiza kuti feteleza wochepa amene mwathira asatsukike ndi madzi. Phulusa nalo limachepetsa asidi.

Alimi anzanga, funso lakuti chabwino n'chiti pakati pa ziwirizi ine ndidalisiya. Tsopano ndimathira kompositi pokonza bedi, kenako kubereka ndi feteleza pang'ono mbande zikagwira. Masamba a nandolo ndi mapesi amene kale ndinkatentha, lero ndimaunjika pa mulu wa kompositi. Ngati mukukayika, patulani bedi limodzi chaka chino muyese, mudzadzionere nokha.