Banki M'khonde: Lembani Malamulo Musanaponye Kwacha Yoyamba

Zaka zitatu zapitazo, ife a ku Likuni tinayambitsa banki m'khonde. Tinkadziwana tonse, ena timapemphera limodzi, choncho kulemba malamulo tinakuona ngati kukayikirana. Pofika Disembala, nthawi yogawana, ndalama zinaperewera. Mnzathu wina anabwereka zokapikulira tomato ku Nathenje, tomatoyo anawonongeka asanagulidwe, ndipo panalibe pepala lonena tsiku lobweza. Mabanja awiri anatha chaka osalonjerana, mayi wina BP inakwera mpaka anagonekedwa m'chipatala. Tinayambiranso, koma ulendo uno cholembera chinatsogola.

Njira imeneyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo ili ndi ndondomeko yake. Gulu likhale la anthu 15 mpaka 25 osankhana okha. Musankhe wapampando, mlembi, msungichuma ndi owerenga ndalama awiri. Bokosi likhale la maloko atatu, makiyi asunge anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi asakhale ndi kiyi. Ndalama ziwerengedwe pamaso pa onse, aliyense alemberedwe m'kabuku kake.

M'malamulo mulembe mtengo wa sheya imodzi, chiwongoladzanja, nthawi yobweza, chindapusa cha wochedwa ndi tsiku lokumana. Ife tinasankha Lamlungu masana. Munthu asabwereke zoposa katatu ndalama zimene waponya. Chiwongoladzanja chikakwera kwambiri, gulu lasanduka katapila, ndipo mamembala amagulitsa mbuzi ndi malata kuti abweze. Osakakamizanso munthu kutenga ngongole alibe bizinesi. Muikenso thumba lapadera la matenda ndi maliro, kuti mwana akadwala malungo usiku, ndalama ya mpamba isathere pa thiransipoti.

Nanga boma likuti bwanji? Kusonkha ndi kubwereketsana pakati pa mamembala okhaokha ndi nkhani ya gulu. Koma kulandira ndalama za anthu akunja kuti muwasungire ndi ntchito yofuna chiphaso cha Reserve Bank of Malawi. Gulu likakula, lingathe kulembetsa ngati kopaletivi kwa mkulu wolembetsa makopaletivi motsatira lamulo la 1998. Likafuna kukhala SACCO, limayendera lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011, ndipo bungwe la MUSCCO, lomwe linayamba mu 1980, limathandiza pa zimenezi. Ngakhale gulu laling'ono lidziwitse amfumu ndi mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lanu.

Ngongole iliyonse ikhale ndi pepala losainidwa ndi wobwereka komanso mboni. Zikavuta, pepalalo ndilo lidzakuyankhulireni kwa amfumu kapena kukhoti la majisitireti. Musakanyamule nokha katundu m'nyumba ya wangongole, mungasanduke olakwa ndinu. Membala aliyense alembetsenso dzina la wodzalandira masheya ake akamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu.

Ndalama zikachuluka, makamaka mwezi wogawana ukayandikira, zisagone m'bokosi. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu. Kubanki amafuna malamulo anu olembedwa ndi zitupa za unzika. Zisasungidwe pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi.

Kumbukiraninso kuti ndalama yongokhala imatha mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya feteleza ndi shuga inakwera. N'chifukwa chake ife chaka chino tinagula soya ndi mtedza ku Mitundu nthawi yokolola kuti tidzagulitse mitengo ikakwera, titagwirizana ndi kulemba za amene asunge matumbawo. Koma wina akabwera ndi lonjezo loti ndalama zanu zichulukitsidwa kawiri pa mwezi umodzi, mukaneni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mabanja awiri aja anabwerera m'gulu. Pa msonkhano uliwonse mlembi amayamba wawerenga malamulo, kenako maloko amatsekulidwa.