Kompyuta ya pakhomo: yambani ndi maziko, pewani katapila

Makolo ambiri kuno ku Mulanje amatifunsa za kompyuta ya patebulo yoti ana aziphunzirira Computer Studies ya MSCE komanso kumvetsera Qur'an. Langizo lathu ndi ili: ndalama zikachepa, yambani ndi maziko.

Maziko a kompyuta ndi motherboard ndi power supply, chifukwa kuzisintha pambuyo pake kumadya ndalama zambiri. Sankhani motherboard ya malo anayi a RAM. Lero ikani 8GB, chaka chamawa mudzawonjezera ina osataya yakaleyo. SSD ya 256GB ndi yokwanira poyambira.

Mukamagula yakale ku Limbe, funsani za purosesa yake. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel Core ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo.

Gulaninso UPS, poti magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi ntchito ya mwana imatayika. Kukamachita mphenzi, zulani mawaya pa soketi.

Chachikulu, musatenge katapila chifukwa cha kompyuta. Riba ndi haramu. Sungani pang'onopang'ono, muzigula chimodzichimodzi, ndipo Allah aikamo baraka, Insha Allah.