Ndalama zachoka bwanji khadi lili m'chikwama?

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka m'mawa. Amayi anu ali mumsika wa Zomba, akusankha matemba a ku Chilwa, foni n'kulira. Ndi uthenga wa ku banki: K85,000 yachoka mu akaunti yawo, yagulira katundu pa intaneti. Apisa dzanja m'chikwama, khadi lilimo. PIN sanauze munthu. Ndiye ndalamazo ndi zija amasungira fizi yanu ya temu ikubwerayi.

Zikatere ena amathamangira kunena kuti ndi chitaka. Ayi ndithu, anzanga. Pali njira imene ndalamazo zadutsa, ndipo njirayo mungathe kuilondola ndi masamu komanso Physics zomwe mukuphunzira m'kalasi. Tiyeni tiilondole.

Khadi si thumba la ndalama

Choyamba, m'khadi mulibe ndalama ngakhale tambala imodzi. Ndalama zili m'makompyuta a banki, khadi ndi kiyi chabe. Makhadi amene ambiri ali nawo kuno kwathu ndi aja timangoti a ATM, amene amatapa ndalama zomwe mwini wake anasunga kale. Palinso makhadi a ngongole, amene banki imayamba yakulipirirani inu n'kumabweza pambuyo. Onsewa wakuba amawalowera mofanana.

Mlendo akamalipira chakudya pa Sunbird Ku Chawe pamwamba pa phiri, kapena munthu akamatapa ndalama pa ATM m'tauni, makina amatumiza funso ku banki ya mwini khadi: kodi khadili ndi lenileni, mwini wake ndi yemweyu, ndipo ndalama zilimo? Banki ikavomera, ndalama zimasuntha m'masekondi ochepa. Kuyambira mu 2015 mabanki a m'Malawi muno analumikizidwa kudzera mu National Switch, n'chifukwa chake khadi la banki ina limagwira pa ATM ya banki ina. Choncho wakuba safunika kugwira khadi lanu m'manja. Chomwe akufuna n'chakuti makompyuta akhulupirire kuti iyeyo ndi inuyo.

Manambala 16 aja sanangolembedwa chisawawa

Makhadi ambiri ali ndi manambala 16. Loyamba ndi 4 ndi la Visa, ndipo la Mastercard limayamba ndi 5 kapena 2. Manambala otsatira amatchula banki, kenako akaunti. Nambala yomaliza ndi mlonda wa anzake. Njira yoipezera anaitulukira Hans Peter Luhn, katswiri wa kampani ya IBM, m'zaka za m'ma 1950.

Tayesani nokha pa pepala ndi nambala iyi, yomwe opanga mapulogalamu amangoyesera ndipo si khadi la munthu: 4111 1111 1111 1111. Yambani ndi nambala yoyamba kumanzere, ichulukitseni ndi 2. Dumphani yachiwiri, chulukitsani yachitatu, kumapita choncho mpaka kumapeto. Yankho likapitirira 9 mumachotsapo 9. Apa 4 asanduka 8, ma 1 asanu ndi awiri asanduka ma 2, zonse pamodzi 22. Phatikizanipo ma 1 asanu ndi atatu omwe munawadumpha aja, mupeza 30. Popeza 30 amagawika ndi 10 popanda chotsala, kompyuta imati nambalayi yalembedwa bwino. Mutasintha 1 womaliza kukhala 2 mupeza 31, ndipo ikana pompo.

Koma chenjerani apa. Masamu a Luhn amangogwira chala chikaphonya polemba, sagwira mbava. Pogula pa intaneti, malo ogulitsira ena amangofuna zinthu zitatu: manambala 16 aja, mwezi ndi chaka chomwe khadi lidzathere ntchito, ndi manambala atatu a kumbuyo otchedwa CVV. Zonsezi zinalembedwa pa khadi pomwepo. Munthu akalijambula ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, basi, kiyi ali nayo, ngakhale khadilo labwerera m'chikwama.

Mzere wakuda ndi kachitsulo konyezimira

Tembenuzani khadi, muona mzere wakuda. Mumzeremo muli tizidutswa ta chitsulo tating'onoting'ono, kalikonse ngati maginito, ndipo tinaloza mbali zosiyanasiyana motsatira uthenga womwe unalembedwamo. Khadi likamakhula m'makina, maginito oyendawo amadzutsa magetsi ochepa mu waya wokulunga, monga anaonetsera Michael Faraday mu 1831. Makina amawerenga magetsiwo n'kupeza manambala.

Vuto la mzerewu ndi loti uthenga wake susintha. Lero, mawa, chaka chamawa, ndi womwewo. Ndiye akuba anapeza njira yomata kachipangizo pakamwa pa ATM kamene kamakopera mzerewo, n'kubisa kakamera koonera zala zanu polemba PIN. Akatero amalemba uthengawo pa khadi lina lopanda kanthu.

N'chifukwa chake makhadi a masiku ano ali ndi kachitsulo konyezimira kutsogolo, kamene amati chip. Kameneka ndi kakompyuta kenikeni. Mkati mwake muli nambala yachinsinsi yomwe situluka kunja. Pa kugula kulikonse, chip imatenga kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi nambala yowerengera maulendo omwe khadi lagwira ntchito, n'kuzisakaniza ndi chinsinsi chija. Chomwe chimatuluka ndi chidindo chogwira ntchito kamodzi kokha. Banki imachita masamu omwewo mbali yake, mayankho akafanana imavomera. Wakuba akakopera chidindo cha lero, mawa n'chopanda ntchito, ngati tikiti ya basi ya dzulo.

Masamu a PIN

PIN ya manambala anayi ikhoza kukhala iliyonse kuyambira 0000 mpaka 9999, kutanthauza njira 10,000. Makina ambiri amakulolani kuyesa katatu kokha, kenako amatseka khadi. Mwayi wa wakuba wongolota ndi 3 pa 10,000. Ndi wochepa zedi.

Nanga munthu akasankha chaka chake chobadwa? Wakuba akangoganiza kuti mwini khadi anabadwa pakati pa 1950 ndi 2009, njira zatsika kuchoka pa 10,000 kufika pa 60. Kuyesa katatu pa 60 ndi mwayi umodzi pa 20. Ndipo ngati m'chikwama chobedwacho munalinso chiphaso cha unzika, chaka chobadwa chalembedwa pomwepo, palibenso zolota. Taonani, masamu anali olimba, wawafooketsa ndi mwini wake.

Pogula pa intaneti mabanki ambiri anawonjezera loko wina: nambala yomwe imabwera pa foni yanu, kawirikawiri ya manambala 6, yogwira ntchito kamodzi ndiponso kwa mphindi zochepa. Amaitcha OTP. Manambala 6 ndi njira 1,000,000. Kuilota n'kutaya nthawi. Wakuba wanzeru salota, amakuimbirani foni n'kukufunsani.

Khomo lomwe limatseguka ndi mawu okoma

Tibwerere kwa amayi aja. Atakhala pansi n'kuganiza bwino, akumbukira kuti Lachisanu kunabwera foni. Mwamuna wa mawu aulemu anati akuimba kuchokera ku banki, akukonza makhadi akale, ndipo lawo litsekedwa madzulo omwewo akapanda kulitsimikizira. Anawapempha awerenge manambala a kutsogolo ndi atatu a kumbuyo. Loweruka m'mawa anaimbanso: "Mayi, kwabwera kanambala pa foni yanu, tangondiwerengerani timalize." Zoonadi PIN sanaulule. Koma makiyi ena onse anapereka ndi pakamwa pawo.

Izi si nkhani za ku Ulaya zokha. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero anthu ambiri amene alibe khadi la banki amasunga ndalama pa foni. Atambwali anatsatira komweko. Bungwe la MACRA linanenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni pa mwezi kudzera m'chinyengo cha pa foni. Ndipo ife a ku Zomba nkhaniyi ili pakhomo penipeni: kwa zaka zingapo manyuzipepala akhala akulemba kuti ambiri mwa mauthenga achinyengowa amachokera pa mafoni olowetsedwa mozemba m'ndende yaikulu ya Zomba, yomwe inamangidwa mu 1935. Taganizani, munthu ali mkati mwa mpanda, alibe kompyuta yamphamvu, alibe digiri ya masamu. Ali ndi kafoni ka mabatani ndi lilime basi.

Nkhani zawo mwina munazimvapo. Wina amati ndi dalaivala, wanyamula katundu wa m'bale wanu wa ku Joni ndipo wakanirira pa boda ya Mwanza, tumizani ya msonkho. Wina amati dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, mungotumiza kangachepe kolembetsera. Wina amauza kholo kuti mwana wadwala mwadzidzidzi kusukulu yogonera konko. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati mwalandira ndalama, kenako n'kuimba akudandaula kuti walakwitsa nambala, mumubwezere. Mukaonetsetsa, uthengawo wachokera pa nambala wamba ya munthu, ndipo mukafunsa ndalama zotsala mu akaunti mupeza sizinawonjezeke.

Nkhani zonsezi zili ndi mafupa ofanana. Zimakupatsani mantha kapena chimwemwe, kenako zimakuthamangitsani. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa adrenaline, mtima umagunda msanga, maganizo onse amapita pa kuthana ndi vutolo pompopompo, osati kufufuza. Wakuba akudziwa kuti mukapeza mphindi zisanu zofunsa mnzanu, malonda ake atha. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dulani foniyo, imbani nokha nambala yomwe ili kumbuyo kwa khadi, kapena imbirani m'bale akutchulidwayo. Wa ku banki weniweni kapena wa kampani ya foni safunsa PIN, CVV kapena OTP.

Netiweki ikazimirira pakati pa tauni

Pali njira ina yoopsa. Popeza OTP imabwera pa nambala yanu ya foni, akuba ena amaba nambalayo. Amatolera dzina lanu, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso, n'kukanamizira kuti ndi inuyo ndipo SIM yatayika. Akapatsidwa yatsopano, yanu imafa nthawi yomweyo, mauthenga onse a ku banki n'kumapita kwa iwo.

Netiweki kusowa muli kumtunda cha ku Chingwe's Hole si zachilendo, phiri limatchinga mafunde a wailesi. Koma ngati muli ku Matawale kapena ku Chinamwali, mafoni a anzanu a kampani yomweyo akugwira, yanu yokha yangoti zii ngakhale mwaizimitsa n'kuyatsanso, musadikire mawa. Pitani ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chiphaso, ndipo dziwitsani banki.

Zikachitika, mphindi zoyamba ndi golide

Choyamba, tsekani khomo. Imbani ku banki kuti atseke khadi, kapena litsekeni nokha ngati banki yanu ili ndi njira yotero pa foni. Ngati ndi ndalama za pa foni, imbirani kampaniyo msanga, chifukwa akuba amathamangira kukatapa kwa ejenti kapena kuzimwaza ku manambala ena. Sinthani PIN.

Chachiwiri, musafufute kanthu. Uthenga uliwonse uli ndi tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yozindikiritsa ntchitoyo. Zimenezi ndi mapazi a wakuba. Lembaninso nambala yomwe inakuimbirani.

Chachitatu, pitani ku nthambi ya banki mukalembe dandaulo lakuti simunavomereze kugula kumeneko, ndipo mutenge umboni wakuti mwadandaula. Visa ndi Mastercard ali ndi ndondomeko yoti banki yanu ikhoza kuitanitsa ndalamazo kuchokera ku banki ya wogulitsa, koma ili ndi malire a masiku, ndiye kuzengereza n'kudzipweteka. Kanenaninso ku polisi. Ngati banki siikukuthandizani, Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo MACRA imalandira okhudza makampani a mafoni.

Tinene zoona: ngati munatumiza nokha ndalamazo kapena munapereka OTP, kuzibweza kumavuta, chifukwa kwa kompyuta zimaoneka ngati mwini wake anavomera. Komabe nenani. Ambiri amakhala chete chifukwa cha manyazi, ndipo nambala ija imapitiriza kubera ena. Muziwerenganso mauthenga a ku banki ngakhale a ndalama zochepa. Akuba ena amayamba ndi kutapa pang'ono, kuyesa ngati khadi lili moyo, kenako n'kubwera ndi thumba.

Chiphaso chanu, dzina lanu

Pomaliza, nkhani yokhudza inuyo mwachindunji. Mukakwanitsa zaka 16 mumatenga chiphaso cha unzika, ndipo kuyambira mu 2018 SIM iliyonse m'Malawi imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu. Wakuba safuna nambala ya m'dzina lake. Ndiye mudzakumana ndi wina wokuuzani kuti, "Aise, tandibwereka chiphaso ndilembetsere SIM, ndikupatsa ya bandulo," kapena wopempha kuti ndalama zake zidutsire pa nambala yanu. Ndalama zakuba zikadzalondoledwa, dzina lomwe lidzatuluke pa kompyuta ndi lanu, ndipo apolisi adzagogoda kwanu. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lolimbana ndi milandu ya pa makompyuta ndi mafoni, ndipo kudzifotokoza kuti munangothandiza mnzanu si ntchito yophweka mayeso a MSCE ali pafupi.

Madzulo ano kachezeni ndi amayi, abambo kapena agogo. Afunseni ngati PIN yawo si chaka chobadwa. Alembereni nambala ya banki pa pepala, aisunge padera ndi khadi. Auzeni kuti aliyense wofunsa kanambala kobwera pa foni, amudulire ndipo ayambe aimbira inuyo. M'nyumba zambiri mwana wa ku sekondale ndi amene amawerengera akuluakulu mauthenga a Chingerezi, choncho mlonda wa fizi yanu ndi inu nomwe.