Tsiku Limene Tiyi Sanatayike

Ndili ndi mabuku awiri. Loyamba ndi la kampani, mmene ndimalemba makilogalamu a masamba a tiyi amene otchola amabweretsa pa sikelo, dengu ndi dengu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lachiwiri ndi langalanga, kope la ana asukulu lachikuto chofiira. M'menemo simulowa tsamba la tiyi ngakhale limodzi. Mumalowa zinthu zimene thupi langa labweza chichitireni opaleshoni ya m'mutu, ndipo chinthu chikangolowa m'kopemo, pakhomo panga pamakhala phwando, laling'ono kapena lalikulu.

Anzanga ena amadabwa nazo. Amati, "A Kalaliki, munthu wamkulu kuphera nkhuku diso kutsinzina?" Inde, ndinaiphera nkhuku, tambala wofiira wonenepa, ndipo zitati zichitikenso lero ndikhoza kupha awiri. Amene sanagonepo miyezi itatu diso litamatidwa ndi pulasitala sangadziwe kukoma kwa chikope chotsekeka chokha.

Poyamba ndinkada foni yanga. Ndikaiika kukhutu lakumanja, mawu ankamveka ngati munthu akulankhulira m'mgolo; ndikaisinthira kumanzere, zonse bwinobwino. Ndinagula ina ku Limbe, koma zinali chimodzimodzi. Kenako m'khutumo munalowa nyenje yosatopa, yolira usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe. Azakhali anga anati, "Mwanawe, alipo akukutchula kumudzi." Pachipatala china chaching'ono anatsuka khutulo kawiri poganiza kuti ndi phula, nandipimanso malungo ndi BP. Nyenje ija osaleka.

Ntchito ya kalaliki wa kumunda imadalira makutu. Miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi akaphuka mwamphamvu, pa sikelo pamakhala mzere wautali. Uyu akutchula nambala yake, uyo akuwerenga sikelo, thirakitala ikulira pambali kudikira kuti masamba athamangire kufakitale asanayambe kutentha. Ine ndinayamba kulemba 15 pamene anena 50. Tsiku lina mayi wina wotchola anaima patsogolo panga misozi ili lengelenge, nati, "Bambo, thukuta langa mwaliika kuti?" Tinakonza cholakwikacho tsiku lomwelo, koma usiku umenewo sindinaone tulo, chifukwa kilogalamu iliyonse m'buku muja ndi ndiwo za mwana wa munthu.

Kenako miyendo inayamba kundikana. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ili m'zitunda, ndipo tinjira take tadothi lofiira timaterera. Masana ndinkalimbikira, koma kukagwa nkhungu ya chiperoni mu Juni ndi Julayi, kapena kukangoda, ndinkadzandira. Mbiri inawanda m'komboni yakuti ine, mkulu wa mpingo, ndayamba kachasu, chonsecho mowa sindinaulawepo chibadwire. Ndinapachika njinga kudenga, ndinasiya kwaya, ndinasiya kukagona pamaliro. Ndinasanduka munthu wa pakhonde, wopsa mtima msanga, woyankha "mwati?" pa chilichonse. Zaka 3 zinatha motero.

Amene anadula mlandu ndi mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre. Anabwera Loweruka, nati, "Bambo, Lolemba tikupita ku Queens, ndipo musanditsutse." Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kuli malo oyezera makutu. Anandilowetsa m'kachipinda kosamveka phokoso lakunja, kundiveka mahedifoni, ndi kundiuza kuti ndizisonyeza ndikamva kulira. Khutu lamanzere linali ngati la mnyamata. Lamanja linali litatsikiratu. Woyeza uja anati khutu limodzi lokha likamafa chonchi, pamodzi ndi kulira ndi kudzandira, pamafunika kujambula m'mutu ndi makina a MRI.

Chithunzi chinaonetsa chotupa chopitirira masentimita 3, chili phee kuseri kwa khutu, mkati mwa chigaza. Achipatala amachitchula kuti acoustic neuroma, ena amati vestibular schwannoma. Adokotala anatenga pepala nandijambulira. Kuchokera mu ubongo mumatuluka mitsempha 12 mbali iliyonse. Wa nambala 8 umanyamula mawu kuchokera m'khutu, komanso uthenga wouza ubongo ngati munthu waima chilili kapena wapendekeka. Mtsempha uli ndi chokuta chake ngati waya wamagetsi, ndipo chotupacho chimamera pa chokutacho. Si khansa, sichifalikira m'thupi, ndipo mwa ambiri chimakula pang'onopang'ono, milimita 1 kapena 2 pa chaka. Chimapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 100,000 chaka chilichonse. Chikakhala chaching'ono amatha kungochiyang'anira, kapena kuchiwotcha ndi cheza cha makina otchedwa Gamma Knife amene anayambitsa dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell. Changa chinali chitakula ndipo chinkakankha ubongo. Panalibe njira ina koma mpeni.

Zingamveke zachilendo, koma ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo. Kudzandira kwanga kunali ndi dzina, ndipo dzinalo silinali kachasu.

Nthawi yathu itakwana pa ndondomeko ya boma yotumiza odwala kunja, ine ndi mayi akunyumba tinakwera ndege pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku India. Madokotala akumeneko anandiuziratu zinthu ziwiri. Choyamba, khutu lamanja silidzamvanso, chifukwa adzadula kuseri kwake ndi kubowola fupa kudutsa mkati mwa khutu lenilenilo, njira imene dokotala William House wa ku Los Angeles anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1960. Chachiwiri, mtsempha wa nambala 7, umene umayendetsa nkhope, kutseka diso ndi kuthandiza lilime kulawa, umadutsa m'kanjira kamodzi ka m'fupa ndi wa nambala 8, mothinana ngati anthu awiri pa kabaza. Pochotsa chotupa, mtsempha umenewo ukhoza kufooka. Opaleshoni inatenga tsiku lathunthu. Anatenganso mafuta pang'ono pamimba panga natsekera pobowola paja kuti madzi a mu ubongo asadonthe.

Nditatsitsimuka, chipinda chonse chinkazungulira. Mbali yakumanja ya nkhope inali itagwa, pakamwa patakhota, diso lili tong'o osatsekeka, louma ngati muli mchenga. Patapita masiku angapo anandipatsa tiyi wawo wamkaka wonunkhira zokometsera. Ndinamwa, ndipo theka linatulukira m'mbali mwa kamwa n'kutsikira pachifuwa. Zaka 22 ndakhala ndikutumikira tiyi, ndipo tsiku limenelo sindinathe kumusunga m'kamwa. Ndinalira ndi diso limodzi, popeza linalo linalibe misozi.

Mayi akunyumba sanandilirire. Mawa lake, nditayenda mapazi 10 m'khonde la chipatala atandigwira mkono, anatulutsa kope lofiira lija m'chikwama. Anali atagula pa Thyolo boma kuti azilembamo ndalama za ulendo. Anang'amba masamba awiri oyamba, nati, "Bambo, inu si kalaliki? Lembani: mapazi 10." Ndinalemba ndi dzanja lonjenjemera. Tsiku lotsatira ndinalemba 40.

Titabwerera kwathu, anandipatsa zochita tsiku ndi tsiku: kuyang'anitsitsa chala chachikulu uku ndikutembenuza mutu uku ndi uku, kuyenda chidendene chikugunda chala, kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma. Adokotala anandiuza kuti ubongo uyenera kuphunzira kudalira khutu lamanzere, maso ndi mapazi, ndipo sungaphunzire munthu atagona pamphasa. Chizungulire chimatha ukamachiputa pang'onopang'ono. Apa ndi pamene minda ya kwathu inandichitira chifundo. Tiyi amamudulira kuti akhale wosalala pamwamba ngati tebulo, kutalika kufika m'chiuno. Ndikalowa pakati pa mizere iwiri, ndinkakhala ndi pogwira uku ndi uku, ndipo ndikapendekeka nthambi zinkandibweza. Anthu anabzala tiyi m'zitunda zimenezi kalekale, esiteti ya Satemwa yokha inayamba mu 1923, ndipo palibe anaganizapo kuti akumangira wodwala mpanda woyendamo. Mzere umodzi, kenako itatu, kenako munda wonse. Otchola ankandiwerengera mokweza ngati mmene ine ndimawawerengera makilogalamu. Tsiku limene ndinamaliza mizere 20 osagwira tsamba, tinamwa thobwa.

Nkhope ndiyo inachedwa. Mtsempha wovulala umachira pafupifupi milimita 1 pa tsiku, ndipo sungaufulumizitse. Usiku uliwonse mayi akunyumba ankandithira mankhwala m'diso ndi kulimata. M'mwezi wachitatu, ndikuwodzera pakhonde masana, mdzukulu wanga anakuwa, "Agogo atsinzina onse awiri! Agogo atsinzina onse awiri!" Ndinadzidzimuka, ndinayesanso iye akuyang'ana, chikope chinatsika mpaka pansi. Tambala wofiira uja anapita tsiku lomwelo.

Koma tsiku lalikulu kuposa onse linali Lamulungu lina m'mwezi wachisanu. Nthawi yonseyi ndinkamwa tiyi ndi kapaipi, chitenje chakale chili pachifuwa, ndipo ndinkamwera m'nyumba kuti anthu asandione. M'mawa umenewo ndinali nditavala kale malaya oyera a kutchalitchi. Tinkakambirana nkhani ya fizi ya mwana, nkhani inatentha, ndipo ndinangotola kapu ya tiyi imene inali patebulo pakhonde n'kumamwa, uku ndikudya mbatata, uku ndikulankhula. Nditaika kapu pansi, ndinaona mayi akunyumba angoti kakasi, dzanja lili pakamwa.

"Bambo, tayang'anani malaya anu."

Ndinayang'ana. Oyera mbee, opanda kadontho ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana m'kapu: munalibe kanthu.

Nthungululu imene anaimba mayi akunyumba inadzutsa mzere wonse wa nyumba. Anansi anathamanga akuganiza kuti kwabadwa mwana. Atamva nkhani, ena anaseka, ena anagwetsa misozi, ndipo mayi uja amene ndinamulakwitsira makilogalamu ndi amene anathamangira kwawo kukatenga ketulo yaikulu. Tinatuma mnyamata kukagula mandasi onse amene akanapeza. Pakhonde panadzaza anthu, aliyense ndi kapu yake, ndipo ine ndinamwa makapu atatu pamaso pa onse, imodziimodzi, aliyense akuyang'ana malaya. Kutchalitchi tinafika ulaliki utayamba. Ndinapempha mpata, ndinaima patsogolo ndi malaya omwewo, ndipo mpingo umene kale unamva mbiri ya kachasu unamva nkhani yonse kuchokera pakamwa panga pokhota pang'ono.

Kuchokera pamenepo kope linayamba kudzaza mofulumira. Kwa miyezi yambiri chakudya chinkamveka ngati ndanyambita ndalama yachitsulo; tsiku lina mnzanga wolawa tiyi kufakitale anandipatsa supuni kuti ndiyese makapu awiri, ndipo ndinalozadi amene anali wabwino. M'mwezi wachisanu ndi chiwiri milomo inakumana bwino ndipo ndinaimba mluzu, kamluzu kowonda, koma galu wathu anadzuka pamene anagona n'kubwera akugwedeza mchira. Njinga inatsika kudenga m'mwezi wachisanu ndi chinayi. Ndinayambira pabwalo la mpira, kenako mpaka pa boma, ndipo pobwera ndinamanga mkoko wa nthochi kumbuyo kuti onse aone kuti ndapalasa ndi katundu. Kuyenda mumdima ndiko kunabwera komaliza, pakuti usiku maso sathandiza. Tsopano ndi tochi m'manja ndimakagonanso pamaliro monga munthu wa pamudzi.

Chaka chitatha, mu Okutobala, tinapita ku Chonde m'boma la Mulanje ku chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe. Tchopa, gule wa makolo athu amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wake mu 2014, amafuna munthu wozungulira bwalo, miyendo ikugunda pansi motsatira ng'oma. Ndinaima kunja kwa bwalo nthawi yaitali. Amalume anga, nkhalamba ya imvi, anandikoka dzanja nati, "Mphwanga, ng'oma siimveka ndi khutu lokha, imalowera m'mapazi." Ndinazungulira katatu osagwa. Kalongonda amene tinadya madzulo ake ndikumukumbukabe.

Khutu lamanja silinabwerere, ndipo silidzabwerera. Munthu akandiitana m'munda sindidziwa kumene mawu achokera, ndimayamba ndazungulira kuti ndimuone. Nyenje ija ikadalipo, ngakhale masiku ambiri ndimaiiwala. Koma pa sikelo tinatembenuza tebulo kuti mzere uzidzera kumanzere kwanga, ndipo nambala iliyonse ndimaibwereza mokweza ndisanalembe. Nyengo yonse yathayi sipanapezeke dandaulo. Kutchalitchi ndimakhala kumene khutu labwino limaloza kuguwa, ndipo kwaya inandilandiranso. Chithunzi cha MRI chimene anandijambulanso chinaonetsa kuti chotupa sichinamerenso. Nkhani imeneyo ndinailemba m'kope lofiira ndi zilembo zazikulu, ndipo mbuzi ndiyo inalipira.

Inu anzanga a m'maesiteti, a ku Makwasa, ku Thunga, ku Bvumbwe ndi kwina konse: ngati khutu limodzi lokha layamba kufa, likulira osaleka, ndipo mwayamba kudzandira kukada, pitani kuchipatala mukapemphe kuti akutumizeni koyeza makutu ku Queens. Ndipo mukaona mnzanu akupepesuka m'kanjira, musathamangire kunena kuti waledzera. Mugwireni mkono, mumufunse za khutu lake.